Kaundula wa nyengo za odula nzimbe: momwe ntchito yayendera, Malichi mpaka Novembala 2025

Izi ndimalemba madzulo m'kope langa, ndipo ndazikopera pano momwe zinalili, kupatula maina amene ndachotsa. Ntchito yake ndi yolemba nyengo zonse zimene anthu a m'midzi itatu ya pakati pa Nchalo ndi Ngabu adulira nzimbe kwa kontilakita mmodzi, kenako kuwathandiza kuti akhale naye pansi n'kukambirana. Anthuwa si a kufakitale ya shuga ya ku Nchalo. Kumeneko kuli bungwe la ogwira ntchito lokhazikika kale. Awa amadula m'minda ya alimi ang'onoang'ono, ndipo amalembedwa pakamwa ndi kapitawo.

Malichi, sabata yachiwiri

Msonkhano woyamba unachitikira pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pa a nyakwawa. Anthu anabwera ambiri kuposa momwe ndimayembekezera, koma theka anabwera poganiza kuti tikulemba maina a chimanga. Kuno munthu akafika ndi kope ndi cholembera, maganizo amathamangira kumeneko, makamaka chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nditanena kuti palibe thumba lililonse likubwera, ena ananyamuka mwakachetechete. Otsalawo ndi amene tayamba nawo.

Ndinawawerengera gawo 43 la Employment Act ya 2000. Gawoli likuti pantchito imene mwachizolowezi anthu amalembedwa pa nyengo, munthu akagwira nyengo zotsatizana kwa bwana yemweyo, nthawi yonse imene wagwira imaphatikizidwa n'kuwerengedwa ngati ntchito yosadukiza. Bambo wina wachikulire anawerengera pa zala: nyengo 6, iliyonse miyezi 7. Ndinamuuza kuti ndi miyezi 42, zaka zitatu ndi theka. Anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, chaka chilichonse kapitawo amandifunsa dzina ngati ndine mlendo." Ndipo ndi pamenepo pagona ntchito yathu yonse. Lamulo limawerenga nyengo, koma palibe amene anazilemba.

Malichi, sabata yomaliza

Tasankha komiti ya anthu 7, amayi atatu. Amayiwa sadula, amatola nzimbe zogwa pakukweza ndi kupalira, ndipo malipiro awo ndi amene ali osokonekera kwambiri. Tagula makope awiri akuluakulu a chikuto cholimba. Munthu aliyense ali ndi tsamba lake: dzina monga lilili pa chiphaso cha unzika, mudzi, chaka chimene anayamba, nyengo zimene anadumpha, ndi umboni umene ali nawo.

Epulo

Umboni ndiye vuto. Gawo 27 la lamulo lomwe lija limafuna kuti bwana apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza malipiro, maola ndi zina zotero, koma mwa onse amene tawalemba palibe amene anachionapo. Timapepala tolandirira malipiro ena anali nato, koma tambiri tinapita ndi madzi, ena pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ena pa Freddy. Mayi wina anabwera ndi jumbo momwe munali zinthu zimene anapulumutsa: buku la kuchipatala, khadi la ubatizo, ndi kapepala kamodzi kofufuma kosawerengeka.

Ndiye tayamba kufufuza umboni kwina. Zimene zatithandiza ndi izi. Kwa zaka zingapo kontilakita wakhala akulipira ena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo mauthenga ake akadali m'mafoni a anthu amene sanasinthe nambala. Mabuku a banki mkhonde nawonso akusonyeza miyezi imene munthu amaponya masheya ochuluka, ndipo miyeziyo ikugwirizana ndi nyengo yodula. Si umboni woti ungaime pawokha, koma ukaphatikiza ndi mboni ziwiri za m'gulu limodzi lodula, chithunzi chimaoneka. Buku la kuchipatala nalo limalankhula: pamene adokotala analemba kuti wadzitema ndi chikwanje m'munda wa nzimbe, pali deti.

Zaka anthu sazikumbukira ndi manambala. Amati "chaka cha madzi oyamba aja," kutanthauza Januwale 2015, kapena "chaka cha Idai," 2019, kapena "chaka chojambulitsa ziphaso," 2017. Ndapanga tsamba lakumapeto kwa kope lomasulira zimenezi, ndipo ntchito yafulumira.

Kudula kwayamba sabata yathayi. Tsopano anthu amapezeka Lamlungu masana okha.

Meyi

Ndalakwitsa, ndipo ndilembe kuti ndisadzabwereze.

Pamsonkhano wa Malichi ndinauza anthu kuti nyengo ikatha aliyense ayenera kulandira ndalama zotsazikira ntchito, malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Manambalawo ndi oona: masabata awiri pa chaka kwa zaka 5 zoyambirira, atatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, anayi kupitirira pamenepo. Koma nditapita kukafunsa ku ofesi ya leba kuboma, anandikumbutsa kuti lamuloli linasinthidwa mu 2010. Ndalamazo zimaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa choti ntchito yachepa kapena kampani yavutika pachuma, kapena akachotsedwa mopanda chilungamo. Nyengo kungotha payokha si chimodzi mwa zifukwazo.

Chimene chikuwakhudza anthu athu ndi gratuity. Lamulo la penshoni litabwera mu 2011, linati bwana aziponya 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, koma anthu a ntchito za nyengo anaikidwa m'gulu la opatulidwa, pamodzi ndi antchito apakhomo. M'malo mwake, wopatulidwayo amayenera kulandira gratuity, imene ndi 5 peresenti ya malipiro a pamwezi pa mwezi uliwonse umene wagwira. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi imene ndinawalonjeza.

Ndinabwerera pa kabaza kuchokera pamsewu ndikukonza mawu m'mutu. Lamlungu ndinaima n'kunena kuti ndinawasokeretsa. Panali chete. Kenako a nyakwawa anati, "Mwachita bwino kubwera nokha, mwana wanga, tikanakazimvera pamaso pa bwanayo tikanachita manyazi tonse." Anthu anayi anafufutitsa maina awo tsiku lomwelo. Sindikuwaimba mlandu.

Gawo 43 lija silinathe ntchito chifukwa cha zimenezi. Tchuthi cha matenda, masabata 4 pa malipiro onse ndi 8 pa theka, chimayamba munthu akakwanitsa miyezi 12 ya ntchito yosadukiza, ndipo wodula nzimbe sangaikwanitse popanda kuphatikiza nyengo. Komanso akadzachotsedwa pakati pa nyengo popanda chifukwa, zaka zimenezo ndi zimene adzawerengere.

Juni

Boma lakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000 pamwezi, ndipo a mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi mlingo wawo wotsikirapo. Mu 2021 anali K50,000. Wina akamva angati anthu akulemera, koma Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene wagula chigoba cha chimanga pa msika wa Nchalo akudziwa kumene kukwerako kunathera.

Vuto lathu ndi loti anthuwa salipidwa pamwezi. Amalipidwa pa ndime: kapitawo amayeza mizere, ukamaliza walemba tsiku, ukalephera sakulembera kanthu kapena akulembera theka. Ukagawa K126,000 ndi masiku 26 ogwira ntchito, tsiku limabwera pafupifupi K4,846. Funso ndi lakuti, kodi ndime imene kapitawo amayeza munthu wamba angaimalize m'maola 8? Lamulo limati sabata isapitirire maola 48, ndipo opitirirawo ndi ovataimu, yolipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Ndapempha anthu 10 kuti kwa masabata awiri azilemba nthawi yolowa ndi yotuluka m'munda. Atatu ali ndi mafoni, enawo amafunsa anzawo.

Zotsatira zake zandiphunzitsa kanthu. Nzimbe zoima bwino anyamata amamaliza ndime dzuwa lisanafike paliwombo. Nzimbe zogona, zopiringizana, ndime yomweyo imafika mpaka madzulo, ndipo achikulire ena amaitanitsa ana awo kudzathandiza. Apa ndinalankhula mosanyengerera, chifukwa lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndipo wosafika 18 sayenera kugwira ntchito yoopsa. Chikwanje chodulira nzimbe si choseweretsa. Bambo wina anandiyankha kuti mwanayo salembedwa, amangothandiza bambo ake. Ndinati ndime imene imafuna anthu awiri kuti ithe ndi ndime yolakwika, ndipo imeneyo ndiyo tikaitengere kwa bwana.

Julayi

Nkhani ya bungwe. Komiti yathu si bungwe la ogwira ntchito pamaso pa lamulo, ndipo kontilakita akhoza kutikana osalakwa kanthu. Labour Relations Act ya 1996 imati bungwe lolembetsedwa likakhala ndi mamembala okwana 20 peresenti ya antchito a pamalopo, bwana ayenera kulivomereza kuti akambirane nalo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko a 1994 nalo limapereka ufulu wolowa kapena kukhazikitsa bungwe. Anthu amene tawalemba apitirira kale mlingo umenewo.

Panali njira ziwiri, kulembetsa lathulathu kapena kulowa limene lilipo kale. Takambirana Malamlungu awiri. Achinyamata amafuna lathu, kuti tcheyamani akhale wa pamudzi pomwe pano. Ine ndinaima kumbali ina. Bungwe la anthu amene amabalalika Disembala aliyense, ena kupita kumadimba, ena kukapha nsomba ku Elephant Marsh, ena kuwoloka kupita ku Mozambique, lingathe bwanji kusunga mabuku a ndalama ndi kuyankha makalata chaka chonse? Mabungwe amene ali pansi pa Malawi Congress of Trade Unions ali ndi anthu ozolowera kukhala patebulo ndi mabwana, monga momwe mabwana nawo alili ndi bungwe la ECAM kumbali yawo. Tagwirizana zolembera kalata bungwe lina la ogwira ntchito m'minda. Kalata yapita.

Chimene chavuta ndi chopereka cha pamwezi. Mayi wina wa m'komiti anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ndalama yodulidwa lero kuti idzakuthandize mawa, kuno anthu saikhulupirira, kaya ndi ya bungwe kaya ndi ya penshoni. Ndipo ali ndi zifukwa. Ambiri ali ndi m'bale amene anadulidwa penshoni kwinakwake, n'kudzapeza kuti bwana sanatumize ndalamazo. Chitetezo chimene amachidziwa ndi mbuzi kukhola, banki mkhonde, ndi Mtukula Pakhomo kwa agogo amene analembedwa. Munthu wamphamvu zake wodula nzimbe sapezeka pa mndandanda wa Mtukula Pakhomo, komanso sapezeka pa penshoni. Ali pakati, mpaka tsiku limene msana udzakane.

Ogasiti, sabata yoyamba

Ngozi. Mnyamata wa m'mudzi wachiwiri wadzitema pamsongolo, chikwanje chinaterereka pa nzimbe yonyowa ndi mame. Analibe majombo. Anzake anam'manga ndi malaya n'kumunyamula pa njinga. Wasokedwa, koma phazi silikupindika bwino.

Kapitawo anabwera kunyumba kwake ndi ndalama pang'ono ndi shuga, akuti za pepani. Makolo analandira, ndipo mwaulemu wake sakanakana. Ndawafotokozera kuti pepani ndi pepani, koma chipukuta misozi ndi nkhani ina. Workers' Compensation Act ya 2000 imaika udindo pa bwana munthu akavulala pantchito. Ngoziyo imanenedwa ku leba, adokotala amayeza kuti munthu walumala motani, ndipo ndalama imawerengedwa kuchokera pamenepo ndi pa malipiro ake. Taonaninso apa: pa malipiro ake. Munthu wopanda kapepala malipiro ake ndi angati? Tsamba lake m'kope lathu, ndi mauthenga a Mpamba a miyezi inayi, ndi zimene tanyamula popita ku leba. Aka ndi koyamba kopeli kutuluka m'mudzi.

Anthu atatu mwa anayi amene anafufutitsa maina aja abwerera.

Ogasiti, sabata yachitatu

Malipiro achedwa masiku 12 ndipo mitima yatentha. Usiku wa Lachinayi anyamata anabwera kwathu kudzandiuza kuti Loweruka, munda ukangootchedwa, aika zikwanje pansi. Nzeru yake ndi yakuthwa, ndivomereze. Nzimbe yootchedwa siidikira, ikakhala masiku imataya shuga, ndipo mwini munda ndi kontilakita onse amaluza. Palibe nthawi ina imene wodula ali ndi mphamvu ngati m'mawa umenewo.

Tinakhala pakhonde mpaka tambala woyamba. Ndinawauza ndondomeko ya sitalaka yovomerezeka: mkangano umanenedwa ku unduna wa za ntchito, pamakhala masiku 21 oyesa kuyanjanitsa, zikakanika mumapereka notisi ya masiku 7. Komanso kuyambira 2021 lamulo linasintha, bwana ali ndi ufulu wodula malipiro sitalaka ikapitirira masiku atatu pa chaka. Mmodzi anati, "Akulu, masiku 28 nzimbe zidzakhala zili m'matumba a shuga." Sanalakwe. Ndondomekoyi inalembedwa poganizira anthu a ntchito ya chaka chonse, ndipo kwa munthu wa miyezi 7 mwezi wathunthu wodikira ndi wautali. Koma ndinawafunsa kuti munda umene akufuna kuusiya ndi wa ndani. Ndi wa mayi wamasiye wa m'mudzi woyandikana nawo, amene sanachedwetse malipiro a munthu aliyense. Ndipo Epulo akubwerayu kapitawo akadzangodumpha maina awo polemba, adzati chiyani?

Sanakhutire, koma Loweruka anadula. Malipiro anabwera Lolemba. Awiri mwa anyamatawo sakundipatsa moni.

Seputembala

Palibe chachitika kwenikweni. Misonkhano ya ndale inatilanda anthu mpaka tsiku lovota pa 16, ndipo sitinafune kuti wina aone gulu pansi pa mtengo n'kutiveka nsalu ya chipani. Ndagwiritsa ntchito nthawiyi kukopera kope loyamba m'lachiwiri. Bungwe lija layankha, latumiza mafomu.

Okutobala

Takumana naye kontilakita, pakhonde la sitolo ina, kutentha kwake kosaneneka. Ife tinali anayi, kuphatikizapo nthumwi ya bungwe. Iye anabwera ndi kalaliki wake.

Ndinapita ndikuyembekezera munthu wankhanza, koma ndinapeza munthu wotopa. Anayala nkhani yake: iye amalipidwa nzimbe zikayezedwa pa sikelo ndipo ndalama imadutsa m'manja angapo isanam'fike, dizilo amamusaka masiku, matayala a thilakitala akwera, ndipo mtengo umene anagwirizana ndi alimi unakhazikitsidwa malipiro asanakwere mu Juni. Zina ndikukhulupirira. Zina ndi nyimbo imene bwana aliyense amaimba. Nthumwi ija inam'kumbutsa modekha kuti pokambirana motere lamulo limafuna kuti mbali zonse zichite mokhulupirika, ndipo ngati akuti ndalama palibe, aonetse manambala. Sanaonetse, koma mawu anatsika.

Pamene zinatembenukira ndi pamene tcheyamani wathu anatsegula kope. Kalaliki anayamba kuwerenga masamba, kenako anatulutsa lake m'chikwama. Kodi nayenso anali nalo nthawi yonseyi! Lake linali la maina ndi ndime zokha, la zaka zinayi zapitazi. Tinayerekeza anthu 10 oyamba: 8 anagwirizana ndendende, mmodzi ife tinamuonjezera nyengo imene sanagwire, mmodzi iwo anamulemba ndi dzina lamasewera. Wathu uja tinamukonza pomwepo, pamaso pawo. Ndikuganiza kuti kukonza kumeneko kunagwira ntchito kuposa magawo onse a malamulo amene ndinawaloweza.

Zimene tagwirizana: aliyense azilandira kapepala kosonyeza ndime ndi ndalama tsiku lolandira, nyengo ikatha aliyense apatsidwe kalata yosonyeza masiku amene anayamba ndi kumaliza, ndime ya nzimbe zogona ichepetsedwe, ndipo poyeza pazikhala mmodzi wa komiti, majombo ndi zotchinga miyendo zigulidwe nyengo yamawa isanayambe. Gratuity ya chaka chino wavomera. Ya zaka zam'mbuyo wakana kwamtuwagalu, akuti ingamugwetse. Za amayi otola nzimbe anangoti "tiona," ndipo ine ndinalola kuti nkhaniyo idutse chifukwa nthawi inatha. Amayi a m'komiti andikalipira pobwerera, ndipo anali ndi chifukwa. Nkhani yawo ndinaiika kumapeto kwa mndandanda ndine.

Zonsezi zikadali pakamwa. Mgwirizano wotere umayenera kulembedwa ndi kusainidwa.

Novembala

Kudula kwatsala masabata awiri kapena atatu, kutengera mvula. Mitambo yayamba kusonkhana cha kumapiri a Thyolo madzulo alionse.

Timapepala ta malipiro taperekedwa kawiri tsopano. Kachiwiri ena sanalandire, kalaliki akuti buku la malisiti linatha. Ndime ya nzimbe zogona yachepetsedwa m'gulu limodzi, m'gulu linalo kapitawo akuchita ngati sanamve. Nkhani ya mnyamata wovulala ili ku leba, fomu ya adokotala yabwerera sabata yatha, ndipo iye akuyenda ndi ndodo.

Ndawerengera anthu gratuity kuti asadzadabwe. Munthu amene malipiro ake amafika K126,000 pamwezi, 5 peresenti ndi K6,300, miyezi 7 ndi K44,100. Bambo wa nyengo 6 uja anati imeneyo ndi mbewu ya mapira ndi fizi ya mwana mmodzi. Kenako anafunsa za nyengo 6 zam'mbuyozo. Ndinamuuza kuti njira ilipo, kudzera ku leba, zikakanika ku Industrial Relations Court ku Blantyre, koma ndi njira yokwera zitunda ndipo thiransipoti ndi yake. Akuti aganize kaye. Ndakumbutsanso onse kuti amene angachotsedwe mosayenera ali ndi miyezi itatu yokha yokadandaula ku leba, asadikire kuti akolole kaye.

Zotsala: mgwirizano walembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, masamba awiri, ndipo ndaikamo nkhani ya amayi otola pamwamba penipeni, ngakhale sitinagwirizanepo, kuti kontilakita akaikane ndi pakamwa pake ngati akufuna. Mafomu a bungwe asainidwa ndi anthu a m'midzi iwiri, wachitatu sitinafikeko chifukwa cha maliro. Kope limodzi likhala kwa a nyakwawa, lokutidwa m'majumbo awiri n'kupachikidwa kudenga. Linalo ndikalisiya kwa mlongo wanga ku Thabwa, kumtunda, madzi asanatseke msewu. Kontilakita wati tim'peze Lachiwiri m'mawa, asanapite kukasaka dizilo.